Kupinda mapepala ndi ana m'nyengo yozizira: yankho kwa mayi wa ku Manchester

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa kwathu kuno amene akukhala ku Manchester, ku England. Andilola kuti ndiwayankhire pano, koma dzina ndasunga. Mawu awo ndi awa: "Ndili ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 6 ndi wamwamuna wa zaka 4. Kuno kukuda msanga, kunja sikukutulukika ndi kuzizira, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chayandikira. Ndinayesa kupinda nawo mapepala potsatira kanema wa pa YouTube. Wamng'onoyo anangolira, wamkuluyo kaduwa kake ka sinowo (chipale chofewa) kanayoyoka zidutswazidutswa. Ine luso la manja ndilibe. Ndiyambire pati?"

Achemwali, zikomo polemba. Ndikumvetsa mmene zilili. Mu Disembala dzuwa kumeneko limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo cha pa 21 usana umangokhala maola 7 ndi theka, pamene ku Lilongwe kumawala pafupifupi maola 13. Mwana wobindikira m'nyumba madzulo aatali chonchi amasowa pogwira. Ine ndaphunzitsa kusukulu ya mkaka kwa zaka zambiri, ndipo zomwe mwafotokozazi ndaziona kambirimbiri. Pafupifupi nthawi zonse cholakwika chimakhala pepala limene mwasankha ndi kuchuluka kwa mapindidwe amene mukumufunsa mwanayo.

Zoti luso mulibe ndikukana. Duku mumalipinda bwanji musanamange? Mumatenga ngodya iyi n'kuikumanitsa ndi inzake ya kutsidya, n'kutuluka chinthu cha makona atatu ngati samusa. Mapindidwe amenewo ndiwo chiyambi cha zambiri zimene munaona m'kanemamo. Anzathu a ku Japan amatcha lusoli origami, mawu ongotanthauza kupinda pepala basi. Ndipo ndikukhulupirira kuti muli mwana munayandamitsapo bwato la pepala m'ngalande mvula itakata, pepala lake lothothola pakati pa kope la sukulu. Manja anu akukumbukirabe, ayeseni muone.

Ndiye yambirani pomwepo, pa chipewa ndi bwato. Tengani tsamba la nyuzipepala, lipindeni pakati, ngodya ziwiri za mbali yopindikayo zikumane pakati, kenako milomo ya m'munsi muikwezere m'mwamba, wina kutsogolo wina kumbuyo. Chipewa chatheka. Wa zaka 4 avale, akadzione pagalasi, ndipo kwa tsiku limenelo zakwana. Wamkuluyo apitirize mpaka chipewacho chisanduke bwato, akaliyandamitse m'bafa pokasamba.

Lamulo langa kwa mwana wa zaka 4 ndi lakuti apinde katatu kapena kanayi, chinthu chioneke. Mbalame yapepala yotchuka ya ku Japan imafuna kupinda kambiri, ndipo pena mpaka kulowetsa nsonga mkati. Ngakhale wamkulu amatuluka nayo thukuta. Isiyeni kaye.

Mtengo wa Khirisimasi ndiwo woyenera msinkhu wake. Mufunika pepala lofanana mbali zonse zinayi. La A4 silofanana, ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, choncho kokerani ngodya imodzi ku mbali yaitaliyo n'kudula kotsalirako. Zimenezi konzerani ana asanakhale patebulo, chifukwa mwana wodikira amayamba kudya guluu. Tsopano mwanayo apinde ngati duku, atambasule, ndipo pakati patsala mzere. Mbali ziwiri zoyandikana azikokere ku mzerewo kuti kumwamba kusongoke, kansonga kotsala m'munsi akapindire m'mwamba. Akatembenuza, mtengo uwo. Thunthu mumata kachidutswa ka katoni, zokongoletsa ajambule yekha ndi makrayoni kapena amate timapepala ta masiwiti. Muuzeni kuti chala chake ndi ayironi, azisita mzere uliwonse mpaka ugone. Ana amakonda kwambiri zimenezi, ena mpaka kuliza mluzu wa nthunzi ndi pakamwa.

China chosavuta ndi kupinda chakutsogolo chakumbuyo ngati siketi ya yunifomu. Mukamanga pakati ndi ulusi n'kutambasula mbali zonse, mapeto ake n'kuwamata, chimatuluka chiduwa chozungulira chopachika pakhoma. Mukangochipinda pakati n'kumatapo kamutu kozungulira, ndiye mngelo ameneyo.

Tsopano nkhani ya kaduwa kamene kanayoyoka, chifukwa apa mpamene ndikufuna tikhalitse. Pali zinthu ziwiri. Choyamba, pepala lopindidwa limagwirana ndi mbali zopindikazo. Mwana akadula mbali yonse kuchokera kumwamba mpaka pansi, wachotsa chimene chimalumikiza, ndipo potambasula zimangogwera pamwendo. Musanamupatse sizasi, tengani pensulo mulembe timizere tiwiri kapena titatu pa mbali iliyonse yopindika, mumuuze kuti amenewa ndi milatho, sadula. Pakati pa milathoyo adule mmene akufunira.

Chachiwiri ndi kukhuthala. Chipale chofewa, chimene ana anu akuchitcha sinowo, chimagwa ndi nthambi 6, chifukwa madzi akamaundana tizigawo take timalumikizana m'makona 6. Mlimi wina wa ku Vermont ku America, Wilson Bentley, anayamba kujambula timaluwati pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono mu 1885, ndipo anasiya zithunzi zoposa 5,000. Muzifufuze pa intaneti muwaonetse ana musanayambe, awerenge okha nthambizo. Kuti pepala lituluke ndi nthambi 6, mumapinda ngati duku, n'kupindanso pakati, kenako n'kugawa patatu, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zipingasane, n'kudula timichira tiwiri totsala kumwambato. Pofika apa mwasanjikiza mapepala 12. Kasizasi ka mwana kosasongoka kaja sikangadutse mapepala 12 a mu printer. Kamangotafuna, dzanja n'kuyamba kuwawa, misozi n'kubwera. Gwiritsani nyuzipepala, pepala lopyapyala lokutira mphatso, kapena lija lofewa limene amaika m'bokosi la nsapato zatsopano. Kugawa patatuko chitani ndinu, kumavuta ngakhale mwana wa zaka 8. Wamng'onoyo mupindireni kawiri kokha, mapepala 4, adule kapena ang'ambe ndi zala. Kake kadzatuluka ndi mbali zinayi, ndipo palibe vuto. Ngati wina mwa iwo ndi wamanzere, mugulireni sizasi ya amanzere, m'masitolo a kumeneko imapezeka.

Chimene ndimakonda koposa pa ntchito yonseyi ndi nthawi yotambasula. Musafulumire, ndipo musatambasule ndinu. Mwana amagwira kanthu konyasa, kodukaduka ngati kadyedwa ndi mbewa, n'kuyamba kufunyulula pang'onopang'ono, lilime lili panja. Akafika pomaliza amangoti kukamwa yasa, kenako n'kuyang'ana inu kuti mwaona?

Pali cholakwa china chimene ndinachita ndili mphunzitsi watsopano, ndipo sindikufuna muchibwereze. Kamtsikana kena kanapinda mtengo wopendekeka, nsonga zosakumana. Ndinautenga, ndinautambasula, ndinaupinda bwino, n'kumubwezera ndikumwetulira. Anauyang'ana, anaukankhira kwa ine, nati, "Uwu ndi wanu, aphunzitsi. Wanga uli kuti?" Tsiku limenelo sanagwirenso pepala. Kuyambira pamenepo ndimakhala ndi pepala langalanga, ndimapinda kamodzi, n'kudikira kuti mwana apinde lake. Muzikhala pambali pake, mapewa kugundana, chifukwa mukakhala moyang'anizana kumanja kwanu kumakhala kumanzere kwake ndipo amasokonezeka. Kanema uja sadikira mwana, n'chifukwa chake wamng'onoyo analira. Onerani nokha usiku ana atagona, mawa lake foni ikhale kutali.

Musaone ngati mukungotayitsa nthawi. Friedrich Fröbel, Mjeremani amene anatcha sukulu yake ya ana aang'ono Kindergarten mu 1840 ku Bad Blankenburg, anaika kupinda mapepala pakati pa ntchito za ana, kuti aziphunzira maonekedwe a zinthu kudzera m'manja. Mwana amene wapinda pepala pakati wagwira theka ndi zala zake asanalione pa bolodi, ndipo zala zomwezo ndi zimene zidzagwire pensulo. Ku Germany mpaka lero kuli nyenyezi ya Khirisimasi yolukidwa ndi timizere tinayi ta pepala imene imatchedwa ndi dzina lake. Ndi yokongola zedi, koma isungireni zaka za kutsogolo. Kalukidwe kake kakukumbutsani mkeka.

Ndikupempheni chinthu chimodzi chimene simunafunse. Pa tebulo limenelo muzilankhula Chichewa. Pinda, tambasula, tembenuza, dula, mata, pakati, m'mwamba, m'munsi. Mawu amene mwana wamva dzanja likuchita chinthucho sachedwa kukhazikika. Muwauzenso kuti kwa agogo Khirisimasi imabwera ndi mvula, mango ndi chimanga chobiriwira m'munda, ndipo kuzizira kwathu ndi kwa Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawomba. Pa chingwe chimodzi pakhoza kulendewera kaduwa ka sinowo, bwato ndi bango la pepala lachikasu, onse ndi kwawo kwa anawo.

Mphindi 15 kapena 20 n'zokwanira, mulekeze akadafunabe. Guluu akatha, phikani kaphala kopyapyala ka ufa wa tirigu kapena wa chinangwa, kazizire, kamamata bwino mapepala. Mabatani ndi mikanda ing'onoing'ono ikhale patali ndi wamng'onoyo, ndipo zopachika zonse zitalikirane ndi makandulo ndi hita.

Timaluwato mukatambasula timakhala topindikapindika, ndiye tigonekeni usiku umodzi pansi pa buku lolemera. Mazenera a kumeneko amachita thukuta m'mawa, pepala lopyapyala likakhudza galasi limanyowa n'kung'ambika, choncho ndi bwino kumangirira ulusi n'kutilendeweretsa patsogolo pa zenera. Tiwiri kapena titatu tosalala bwino mutiike mu envulopu, ana alembe maina awo kumbuyo, mutumizire agogo msanga poti makalata a Disembala amachedwa m'njira. Mukatero mundilembere, ndimve ngati milatho ija yagwira.