Ndimayamikira, iwo amati ndikunyoza

Alangizi,
Ndili pabanja ku Chilenje, ndipo apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Chipata kudzakhala nafe. Tsiku lina anaphika chibwabwa chotendera, ine n'kuti, "Mwayesako amayi, lero zakoma." Chiyambire pamenepo sakhudzanso mphika. Amuna anganso akafika msanga ndimati, "Mwafulumira lero, abwana," iwo n'kukwinya nkhope. Ndalakwa pati?
Wodabwa, Chilenje

Mwana wanga,
Mtima wako ungakhale woyera, koma khutu la munthu limatola timawu ting'onoting'ono. "Mwayesako" amanena mphunzitsi kwa mwana amene sanafikepo. Ukauza choncho mayi amene anayamba kutendera ndiwo iwe usanabadwe, wakhala pampando woweruza kaphikidwe kawo. Woopsa kwambiri ndi "lero", chifukwa amakoka dzulo. Ngati lero zakoma, nanga za masiku ena zinali zotani? Amuna akonso pa "mwafulumira lero" akumva mlandu wa masiku onse amene anachedwa. Dzifunse moona mtima ngati mlanduwo sunaubise dala mmenemo. Ngati kuchedwa kwawo kumakuwawa, nena poyera muli awiri kuchipinda, osati kukulunga dandaulo m'moni wapakhomo.

Za "abwana" zisiye. Ulemu wobwera mwadzidzidzi kwa munthu amene masiku onse umamuitana dzina la mwana umamveka chipongwe, makamaka pali alendo kapena alamu akuseka.

Kwa apongozi pita m'mawa ali okha, ugwade, unene kuti, "Amayi, ndinalankhula molakwika, mundikhululukire." Usanene kuti "simunandimvetse", chifukwa pamenepo wawapatsa mlandu wachiwiri. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, gula chibwabwa ndi nsinjiro pamsika, uwapemphe akuonetse kuchuluka kwa soda ndi nthawi yothira nsinjiro. Wamkulu akapemphedwa kuphunzitsa amabwerera yekha kukhitchini.

Poyamikira tchula chinthu chenichenicho: "Nsinjiro zapsa bwino, ndiwonjezereniko." Chotsa "lero", "nanunso" ndi "kodi mumatha eti". Osayamikira kawiri katatu motsatizana, kachitatu kamamveka ngati sewero. Ndipo pa WhatsApp, pomwe nkhope sioneka, "zikomo kwambiri" wouma wotumizidwa mutangokangana amawerengedwa ngati mbama. Imba foni kapena jambula mawu, amve mmene ukunenera.