Seva ikamagwa pa nthawi ya cron, musathamangire kuimba mlandu script

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati seva yanu ya Linux ikumazima n'kudziyatsanso yokha masiku ena, ndipo mutaona nthawi mwapeza kuti nthawi zonse ikumagwera pa mphindi yomwe cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi zoikika, imayendetsa script yoona thanzi la makinawo, ija mumaiyendetsa mphindi 5 zilizonse. Mutaimitsa script'yo kwa sabata, seva sinagwenso. Mu ma log mulibe kanthu. Ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kuilembanso mu Python kapena kungoikanso OS yonse.

Zonse ziwirizi dikirani nazo kaye. Mwachita bwino zedi kuona kuti nthawi zikugwirizana, ambiri amatha miyezi asanazindikire zimenezo, koma script'yo si mwini mlandu. Pulogalamu wamba, kaya ya bash kaya ya Python, ikalakwitsa imafa yokha, kernel, womwe ndi mtima wa OS, n'kupitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Kuti kernel ifike pa panic, kutanthauza kuima kotheratu chifukwa cha vuto lalikulu, ndiye kuti script yapempha chinachake, kernel n'kupita nacho kwa driver (code yolankhula ndi chipangizo), kapena firmware (code ya m'kati mwa chipangizo), kapena chipangizo chenichenicho, ndipo kumeneko kuli chilema. Script yanu yangoponda pachilonda chimene chinalipo kale. Mukailembanso m'chinenero china koma ikuitanabe ma command omwewo, idzapondanso pomwepo. Mukaikanso OS, driver yomweyo ibwereranso, firmware ndiye simunaikhudze n'komwe.

Ma script oyang'anira makina amakonda kuvumbula zilema zotere chifukwa cha malo amene amafikako. Amayenda ngati root, ndipo amaitana zinthu monga smartctl, nvme smart-log, ipmitool, sensors, dmidecode, ethtool -S, ndi kapulogalamu ka kampani yopanga khadi la RAID, lomwe limayendetsa madisiki angapo ngati imodzi. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya seva, kuwerenga ndi kulemba mafayilo, imadutsa njira zomwe makina mamiliyoni amadutsa sekondi iliyonse, zilema zake zinapezeka kalekale. Koma kufunsa disiki kutentha kwake kudzera pa khadi la RAID pomwe khadilo lili kalikiliki kulemba, imeneyo ndi njira yomwe anthu amadutsamo mwa apo ndi apo, ndipo m'njira zoterezi ndi mmene zilema zimabisala zaka zambiri.

Za ma log opanda kanthu musadabwe nazo. Olemba mu /var/log ndi rsyslog ndi journald, omwe ndi mapulogalamu wamba. Kernel ikachita panic imaimitsa zonse nthawi yomweyo, ndiye uthenga womaliza, womwe ndi umene tikuufuna, palibenso woulemba pa disiki. Umangoonekera pa console, seva n'kudziyatsanso, basi wapita. Choncho ntchito yanu yoyamba si kukonza ayi, ndi kutchera msampha kuti ikadzagwanso isiye umboni.

Musanatero tsimikizani kuti ndi panic zoona, chifukwa seva ikhoza kudziyatsanso kernel isanadandaule chilichonse, mwina magetsi aphethira, mwina watchdog ya pa bodi, kachipangizo koyatsanso makina akakakamira, yaidula. Onani last -x kuti muone nthawi zenizeni zomwe inayakanso, kenako journalctl -k -b -1 kuti muone mawu omaliza a kernel isanagwe. Ngati ikukuuzani kuti ilibe zakale, pangani foda ya /var/log/journal, chifukwa popanda imeneyo pa makina ambiri journald imasunga zonse mu RAM n'kuzitaya ikazima. Suzumiraninso mu /sys/fs/pstore ndi /var/lib/systemd/pstore, pa ma seva ena firmware imasungako chidutswa cha uthenga wa panic ndipo mwina umboni wanu uli pomwepo kale osaudziwa. Ngati makinawo ali ndi BMC, kakompyuta kakang'ono ka pa bodi koyang'anira seva, werengani zomwe yalemba ndi ipmitool sel elist, mudzaonamo ngati munali vuto la RAM, la magetsi kapena watchdog. Koma chonde chitani zimenezi muli pa kompyuta ina, kudzera pa netiweki ndi -I lanplus, paja ipmitool ya pa seva yomweyo ndi mmodzi mwa omwe tikuwaganizira.

Palinso china chimene anthu amaiwala kuona. Yendetsani sysctl -a n'kusefa mawu akuti panic. Kernel ikhoza kuuzidwa kuti izidzigwetsa dala ikaona zinthu zina: kernel.panic_on_oops, kernel.softlockup_panic, kernel.hung_task_panic, vm.panic_on_oom. Mwachitsanzo, hung_task_panic ikakhala 1, command imodzi ikakakamira pa disiki yodwala kwa masekondi 120, seva yonse imagwa, pomwe ikanakhala 0 ikanangolemba dandaulo n'kupitiriza. Sindikuti muzizimitse, nthawi zina amene anaziyatsa anali ndi chifukwa chomveka, koma muyenera kudziwa ngati kugwako n'kwangozi kapena n'kolamulidwa. Nayo kernel.panic imanena masekondi omwe seva idikire isanadziyatsenso, ikakhala 0 imangoima pomwepo uthenga uli pa sikirini, mutha kuujambula pa console.

Tsono msampha weniweni ndi kdump. Imasungiratu kachigawo ka RAM pambali, komwe mumakapatula ndi crashkernel= pa mzere woyatsira kernel, ndipo kernel yaikulu ikagwa, ina yaing'ono imadzuka m'kachigawomo n'kukopera zomwe zinali mu RAM kupita ku /var/crash. Pa RHEL ndi abale ake mudzapezamo vmcore, fayilo ya zokoperedwazo, ndi vmcore-dmesg.txt, mawu a kernel, pa Ubuntu mumaika linux-crashdump. Mukamaliza kuikonza, iyeseni. Ndikubwereza, iyeseni, pa nthawi yomwe mwagwirizana ndi ogwiritsa ntchito seva, polemba echo c > /proc/sysrq-trigger, zomwe zimagwetsa kernel mwadala. Zimawawa kwambiri kudikira masabata awiri kuti igwe, yagwa, n'kupeza mu /var/crash muli mbee chifukwa RAM yomwe munapatula inachepa kapena disiki inadzaza. Pambali pa kdump yatsaninso netconsole, yomwe imatumiza mawu a kernel pa UDP kupita ku kompyuta ina, kawirikawiri pa port 6666, uko n'kumamvetsera ndi nc. Ndi yosavuta kuika, ndipo imagwira ngakhale nthawi zina zomwe kdump yalephera.

Apa ndikupatseni kanjira komwe ndimakakonda kuposa zonse, chifukwa kamayankha funso lanu lenileni, loti ndi mzere uti wa script umene ukugwetsa. Anthu amaika echo kulemba mu fayilo asanayendetse command iliyonse, koma mizere yomaliza ya fayiloyo imatayika pa chifukwa chomwe ndanena chija. M'malo mwake lembani mu /dev/kmsg, mwachitsanzo echo "monitor: ndikuyamba smartctl sdb" > /dev/kmsg, musanaitane command iliyonse. Mawu amenewo amalowa mu log ya kernel yeniyeniyo, ndiye adzaoneka mu vmcore-dmesg.txt, komanso pa netconsole ngati mwakweza mlingo wa console ndi dmesg -n 8, atatsatana bwinobwino ndi uthenga wa panic. Mzere wanu womaliza pamwamba pa panic ndi amene akukulozerani chala kumene kuli vuto.

Uthenga wa panic ukapezeka, musauope ngakhale ukuoneka ngati manambala okhaokha. Yambirani pamwamba, pa vuto loyamba, chifukwa zam'munsi nthawi zambiri zimakhala zotsatira chabe. Pa Comm: pali dzina la pulogalamu yomwe inali pa CPU panthawiyo. Pa RIP: pali malo enieni m'kati mwa kernel pomwe zinathera, ndipo ngati ndi mu driver dzina lake limakhala chakumapeto kwa mzerewo. Call Trace ikuonetsani njira yomwe inadutsa kuti ifike pamenepo. Mawu akuti NULL pointer dereference kapena general protection fault amaloza kwambiri ku chilema cha driver. Machine check amaloza ku chipangizo, CPU kapena RAM, ndipo pamenepo rasdaemon ndi memtest86+ zikuthandizani. Soft lockup ndiye kuti CPU imodzi yazungulira malo amodzi m'kernel kwa masekondi oposa 20 osapatsa ena mpata. Onaninso zilembo za pa Tainted: P ndi driver yomwe code yake ndi yobisika, O ndi driver yochokera kunja kwa kernel, M ndi machine check, D ndiye kuti kernel inachitapo kale oops, vuto lalikulu la m'kati mwake, m'mbuyomo. Chenjezo limodzi lokha: pa Comm mukaona swapper kapena pulogalamu yosagwirizana ndi script yanu, musataye mtima n'kuganiza kuti munalakwitsa. Vuto likachitikira mu interrupt, pomwe chipangizo chadukiza CPU kuti ichithandize, dzina lomwe limalembedwa ndi la aliyense amene anapezeka pa CPU, ngakhale wosalakwa.

Funso lomwe ndikufuna mulisinkhesinkhe ndi ili: script imayenda ka 288 pa tsiku, nanga bwanji seva imangogwa masiku ena okha? Ndiye kuti pali chinthu chachiwiri chimene chimakumana nayo. Ineyo zinandichitikirapo pa seva ina yomwe ndinkasamalira. Inkagwa pakati pa usiku, mwina kamodzi pa sabata, ndipo masana ndikayendetsa script pamanja, ngakhale maulendo ambirimbiri, sinkachita kanthu. Nditaika mizere ya /dev/kmsg ija ndinaona mawu akuti ndikuyamba kufunsa RAID atalembedwa kawiri motsatana, popanda akuti ndamaliza pakati pake. Usiku backup inkatopetsa madisiki, kapulogalamu ka RAID n'kumachedwa kupitirira mphindi 5, cron n'kuyambitsa script yachiwiri yoyamba isanathe. Ziwirizo zikafunsa khadi limodzi nthawi imodzi, driver yakale yomwe tinali nayo inkagwa. Cron siyang'ana ngati ntchito yapitayo yatha, nthawi ikakwana imangoyambitsa ina basi.

Ndiye lero lomwe, ngakhale musanapeze gwero, ikani flock -n /run/monitor.lock kutsogolo kwa script mu crontab, kuti yachiwiri izingotuluka ngati yoyamba ikadali m'kati. Command iliyonse yokhudza chipangizo muiike pansi pa timeout. Dziwani komabe kuti timeout siingathe kupha pulogalamu yomwe yakakamira mu state D, yodikira chipangizo mosadukizika, ngakhale kill -9 siiphula kanthu pamenepo, n'chifukwa chake flock ndi yofunika kwambiri. Onaninso zina zomwe zimayenda pa maola omwe seva imagwera: backup, logrotate, cron.daily, ma timer a systemd omwe mungawaone ndi systemctl list-timers, komanso ngati pali pulogalamu ina yoyang'anira makina, monga smartd, yomwe ikufunsa madisiki omwewo.

Mukafuna kuigwetsa mwadala kuti mutsimikize, chitani pa makina ofanana nawo ngati alipo, apo ayi pa nthawi yomwe mwachenjeza anthu ndipo backup yanu mwaiona kuti ili bwino. Tengani command imodzi imodzi, muizungulitse maulendo mazana, kenako ziwiri nthawi imodzi, kenako disiki ili pa ntchito yolemetsa ndi fio kapena stress-ng. Kumbukirani kuti cron ili ndi PATH yaifupi, nthawi zambiri /usr/bin:/bin, ndiye n'kutheka kuti smartctl yomwe inu mumaitana pamanja si yomwe cron imaitana, ngati pa makinawo pali ziwiri. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mukasintha zitatu pamodzi n'kusiya kugwa simudzadziwa chimene chachiza.

Mukampeza wolakwa, mankhwala ake nthawi zambiri sakhala ovuta. Funsani kaye kuti chinasintha n'chiyani kugwa kusanayambe, onani dnf history kapena /var/log/dpkg.log. Ngati kernel inakwezedwa masiku amenewo, yatsirani pa yakale kudzera mu GRUB, menyu yosankhira kernel poyatsa makina, muone. Ngati ndi khadi la RAID kapena la netiweki, fananitsani firmware, driver ndi kapulogalamu kake, chifukwa opanga amatulutsa zitatuzi kuti ziziyendera limodzi, ndipo kapulogalamu kakale pa driver yatsopano ndi gwero lodziwika la mavuto. Kwa ine kukweza driver ndi firmware n'kumene kunathetsa nkhani, flock ndinaisiyabe mpaka lero. Ngati muli ndi mgwirizano wa thandizo ndi opanga OS kapena makinawo, vmcore ndi chinthu choyamba chomwe adzakupempheni.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa zomwe mwalemba n'chakuti panopa script ndi yozimitsa. Seva ili phee, inde, koma mwatseka maso omwe amakuuzani disiki ikayamba kufa, ndipo ngati chilemacho chili mu chipangizo, chidzatulukira pena tsiku lomwe simukuyembekezera. Ibwezeretseni ndi mbali zosaopsa, zoona malo otsala pa disiki, RAM ndi kulemedwa kwa CPU, n'kusiya zokhudza zipangizo zokha mpaka msampha utatcheredwa.

Mukatha, tiponyereni pano zomwe uname -r ikunena, mtundu wa seva ndi khadi la RAID, mzere wa mu crontab, script yonse mutachotsamo mapasiwedi ndi ma IP, komanso mizere pafupifupi 60 ya vmcore-dmesg.txt kuyambira pa mzere wanu womaliza wa /dev/kmsg kutsika m'munsi. Ikhale yokopera ngati mawu osati chithunzi, kuti tithe kufufuza mayina a mu Call Trace, tidzawerengera limodzi.