Amuna anga akulamulira nyumba ndi filimu

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi. Woyamba ndi mtsikana wa zaka 21, analemba Fomu 4 koma sanasankhidwe ku yunivesite, ndiye amangogulitsa mandasi pakhomo. Mwezi watha msuweni wake anamulumikizanitsa ndi mayi wina wopezera atsikana ntchito za m'nyumba ku Oman. Akuti pasipoti, viza ndi tikiti alipira okha, ife tisatulutse kalikonse. Ine ndinaona ngati Mulungu watiyankha.

Vuto ndi bambo a kunyumba. Ali ndi filimu ina pa fulashi yotchedwa Taken, saikhuta. Nkhani ya Oman itangotchulidwa anati, "Mwaiwala zinamuchitikira mtsikana uja ku Paris?" Basi nkhani inathera pomwepo. Ndikati ndilankhule amangoti, "Inu muli ngati mayi wa m'filimu muja." Pano mwana sakulankhula ndi bambo ake, ine ndi iwo tikugona mofulatirana. Munthu wamkulu n'kumayendetsa banja potengera filimu? Kodi ndiitane ankhoswe?

Mayi wothedwa nzeru, Bangwe

Mayi,

Ankhoswe asiyeni kaye. Filimuyo ndimaidziwa, ndipo poti ndiyo ikuweruza milandu m'nyumba mwanu, tiyambe taiweruza iyoyo.

Taken inatuluka mu 2008. Liam Neeson ndiye bambo, dzina lake m'filimumo ndi Bryan Mills, kazitape wa CIA, bungwe la ukazitape la boma la America, wopuma pantchito amene banja lake linatha. Mwana wake Kim, wa zaka 17, akufuna kupita ku Paris ndi mnzake Amanda. Bambo akukana, mayi akukakamira, bambo akusaina monyinyirika. Atsikanawo atangotera pabwalo la ndege, mnyamata wina waulemu akuwapempha kuti akwere takisi imodzi, ndipo tsiku lomwelo zigawenga za ku Albania zawatenga. Bambo akuuzidwa kuti akapitirira maola 96 mwanayo sadzamuonanso. Zotsalazo mukhoza kuzilosera ngakhale mutatuluka kukapakula nsima n'kubwerako: magalimoto kuthamangitsana, zibakera, adani khumi owombera munthu mmodzi osamulasa, bambo n'kufika nthawi yake yeniyeni. Inagulitsa kwambiri moti mu 2012 anapanganso ina ya ku Istanbul, kenako yachitatu, nyimbo yake yomweyo.

Zabwino zake zilipo, ndipo sindizibisa. Siitayitsa nthawi, pa ola limodzi ndi theka yatha. Komanso ili ndi chigawo chimodzi chimene ndimachivulira chisoti. Kim wabisala pansi pa bedi, foni ili kukhutu, akumva mapazi a anthu m'nyumba. Bambo ake samunamiza kuti zonse zikhala bwino. Akumuuza mosabisa kuti amugwira, ndipo kuti timphindi tochepa timene atsale nato afuule chilichonse chimene waona pa anthuwo. Mwana akufuula za ndevu, msinkhu, chizindikiro chojambulidwa padzanja, bambo akujambula mawu onse. Pamenepo ndiye pali kholo lenileni, lodekha mtima ukuwawa. Ndipo ulendo usanayambe, bambo yemweyo anali atafunsa adiresi ndi nambala ya kumene mwana akafikire, n'kumupatsanso foni. Zimenezi amuna anu azitenge.

Koma filimuyi ili ndi bodza lalikulu, ndipo ndi limene lalowa m'nyumba mwanu. Inalembedwa kuti bambo asalakwe. Aliyense womutsutsa aoneke chitsiru, kuyambira ndi mayi wa mwanayo, amene ntchito yake m'filimu monse ndi kunyoza, kenako kulira, kenako kuthokoza. Bryan akuzunza munthu ndi magetsi, akuwombera pamkono mkazi wa mnzake wakale amene sanalakwe kalikonse, ndipo ife oonera tikuyembekezeka kuwomba m'manja. Amanda akupezeka atafa ndi mankhwala ozunguza bongo, filimu n'kungopitirira ngati wafayo alibe mayi. Atsikana ena ambirimbiri amene bamboyo akuwadutsa m'tizipinda totchinga ndi nsalu, za iwo sitimvanso. Kim weniweniyo, akangogwidwa, pakamwa pake patsekeka mpaka kumapeto. Choncho amuna anu akamati muli ngati mayi wa m'filimu, akukuvekani chovala chimene olemba anasokera dala kuti chinyozeke. Zimenezo n'zosayenera, ndipo muwauze.

Muonenso mmene filimuyi imayambira. Ndi tsiku lobadwa la Kim. Bambo wabweretsa kamakina koimbira nyimbo, wakulunga bwinobwino, mwana wasangalala; posakhalitsa mwamuna watsopano wa mayi ake, munthu wachuma, akutulutsa hatchi yamoyo. Kamakina kaja katsala pansi. Abambo ambiri amene amaibwereza filimuyi, ine ndikuona kuti chimawagwira ndi chimenechi kuposa mfuti. Mwana wawo akugulitsa mandasi, iwo alephera kumulipirira sukulu, ndiye kwabwera mayi wachilendo ndi tikiti ya ndege. Mwamuna sanganene kuti "ndachita manyazi". Amangoti "Paris".

Tsopano gwirani mtima, chifukwa apa sindikhala mbali yanu. Za Oman amuna anu akunena zoona, ngakhale chifukwa chimene akupereka n'cholakwika.

Atsikana athu sagwidwa ndi zigawenga zothyola chitseko. Amanyamula okha chikwama, mayi n'kuwaperekeza kudepoti akuimba nyimbo yothokoza. Wobweretsa nkhani amakhala msuweni, mnzawo wa kusukulu, mayi wa kumpingo, kapena wina wa pa Facebook wolankhula mokoma. Tikiti yaulere ija si mphatso, ndi ngongole, ndipo mwana akadzati ndatopa ndikufuna kwathu, adzauzidwa kuti abweze kaye ndalama zonse zimene bwana anaononga pomubweretsa. M'mayiko a kumeneko muli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana wake. Ambiri amalandidwa pasipoti atangofika, ndipo wochoka panyumba popanda chilolezo amasanduka wothawa pamaso pa malamulo. Mu 2024 a BBC Africa Eye anaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman mwanjira yomweyi, ena atalonjezedwa ntchito zina n'kukapeza za m'nyumba, kugwira usana ndi usiku, kumenyedwa, ena kugwiriridwa. Oposa 50 anabwerera kuno, osati chifukwa cha bambo wa mfuti, koma gulu la pa WhatsApp limene linawasonkhanitsa, anthu akufuna kwabwino ndi ndalama zimene zinalipiridwa kuti mabwana awamasule. Sikuti aliyense wopita kunja amakumana ndi zimenezi. Koma nkhani imene mwandilemberayi ikufanana nazo kwambiri moti sindingakuuzeni kuti mwana anyamuke.

Safunsa anadya phula. Mayi wopeza ntchitoyo mwamuonapo ndi maso, kapena mumangomumva pa foni? Ali ndi ofesi? Pitani ku ofesi ya boma ya za ntchito mukafunse ngati amadziwika ndiponso ngati ali ndi chilolezo chotumiza anthu kunja. Pemphani kontirakiti yolembedwa m'chinenero chimene mwana angawerenge, yonena dzina la bwana, malo, malipiro, tsiku lopuma, ndi amene adzalipire ulendo wobwerera. Funsani kuti viza ndi ya ntchito kapena ya alendo. Pemphani kulankhula ndi mtsikana amene anapita kudzera mwa mayiyo n'kubwerako, maso ndi maso, osati pa foni imene akugwirizirani eni ake. Mukaona akukwiya ndi mafunso, kapena akuti fulumirani malo atha, kapena akuti musauze anthu, yankho mwalipeza. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu la mu 2015, ndipo wopezeka wolakwa amatha kukhala kundende zaka 14. Ku polisi kuli nthambi ya Victim Support, mukhoza kukawafotokozera.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kukhala chete kwa mwana wanuyo. Ali ndi zaka 21, pasipoti angathe kuipanga popanda siginecha ya bambo ake. Amuna anu akumbukire kuti ngakhale m'filimu yawo yokondedwayo, Kim ananama: anati akukaona nyumba zosungiramo zinthu zakale, chikhalirecho akufuna kutsatira gulu loimba la U2 m'mizinda ya ku Ulaya, ndipo mayi ake ankadziwa. Anabisa chifukwa ankadziwa kuti bambo akana asanamve n'komwe. Wanuyo mukangomutsekera osamupatsa china chogwira, tsiku lina mudzadzuka bedi lili lopanda munthu, ndipo simudzadziwa ngakhale dzina la mzinda umene ali.

Ndiye chitani chonchi. Sankhani madzulo ana atagona, TV itazimitsidwa. Yambani ndi kuwavomereza: "Bambo, za Oman zija ndaganizira, mantha anu ndawamva." Mwamuna akamva mawu amenewo makutu amatseguka. Kenako muwapatse ntchito, poti chimene akufuna n'kukhala woteteza mwana: atsogole iwowo kupita ku ofesi ya za ntchito, afunse mafunso onse aja, mwana ali pomwepo akumva yekha mayankho. Mukatero muwafunse funso limene filimu yawo siyankha, lakuti mwana akapanda kupita, chaka chamawa adzakhala akutani. Kuli makoleji a ntchito zamanja a TEVETA, kuli kulembanso mayeso kuti akweze mapointi, kuli kumuwonjezera mpamba kuti mandasi akhale bizinesi yooneka. Chimodzi mwa zimenezi chikhale ndi tsiku loyambira ndi ndalama yake, ngakhale yochepa.

Za kukufanizirani ndi mayi wa m'filimu muzinene padera, mosakweza mawu, kuti zimakupwetekani ndipo asadzabwerezenso pamaso pa ana. Akapitiriza, pamenepo ndiye itanani ankhoswe. Msuweni uja naye mumufunse mwakachetechete ngati walonjezedwa kangachepe pa mtsikana aliyense amene wabweretsa.

Azakhali