Kodi tikaloleza kusuta chamba, madola abweradi?

Wowerenga wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo, ndipo funso lake ndalifupikitsa motere: "Malume anga amalima fodya ku Kasungu ndipo chaka chilichonse amabwerako akulira ku okushoni ya ku Kanengo. Anzanga akuti boma likangololeza kusuta chamba ngati ku Canada, vuto la ndalama zakunja litha, alimi alemera, ndende ziphwa. Zoona zake n'ziti, kumbali ya malamulo ndi ya chuma?"

Achimwene, pa zitatu zomwe anzanuwo akulonjeza, chimodzi chokha ndi chomwe ndingavomereze, cha ndendecho. Za madola ndi kulemera kwa alimi ndikukayika kwambiri.

Tiyambe ndi pomwe tili, chifukwa m'maminibasi anthu amalankhula ngati chamba chinaloledwa kale. M'chaka cha 2015 phungu wa ku Ntchisi, a Boniface Kadzamira, atadzutsa nkhani ya chamba cha m'mafakitale ku Nyumba ya Malamulo, aphungu anzawo anawaseka. Patapita zaka zisanu, mu February 2020, nyumba yomweyo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lomwe linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso kwa olima chamba cha mankhwala, cha m'mafakitale ndi cha kafukufuku. Mu 2024 phungu wina, a Peter Dimba, anabweretsa bilu yoti chamba chathu chachikuda chizilimidwanso pansi pa chiphaso. Koma palibe pena paliponse pamene kusuta kunaloledwa. Mukapezeka ndi kampukutu m'thumba pa depoti ya Lilongwe lero, lamulo la Dangerous Drugs Act likugwirani monga linkagwirira agogo athu, ndipo pachikalata cha mlandu adzalemba kuti munapezeka ndi Indian hemp popanda chilolezo.

Tsopano za madola. Fodya amatibweretsera ndalama zakunja chifukwa pali makampani akunja ololedwa kumugula, kumukweza pa sitima ndi kumulowetsa m'mayiko mwawo. Funso lomwe anzanuwo sanadzifunse ndi lakuti: chamba chosuta pongosangalala tikagulitsa kwa yani? Pangano la mayiko la 1961 lokhudza mankhwala ozunguza bongo limalola chamba kuwoloka malire pa zifukwa ziwiri zokha, zachipatala ndi zakafukufuku. Mu December 2020 bungwe la United Nations linachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsetsetsa, koma linachisiya pa mndandanda wa oyang'aniridwa mwamphamvu. Canada, yomwe inaloleza kusuta pa 17 October 2018, siyitanitsa chamba chosuta kuchokera kunja, imalima yokha. Uruguay, yomwe inayamba zonsezi mu 2013, imagulitsa kwa nzika ndi okhazikika m'dzikomo omwe analembetsa, mlendo saloledwa. Ku Germany kuyambira mu 2024 munthu akhoza kudzala mitengo itatu pakhomo kapena kulowa kalabu yolima pamodzi, koma sitolo zogulitsira kulibe. Ku America maboma ena monga Colorado analoleza, koma lamulo la dziko lonse silinalolezebe, choncho palibe kontena ya chamba chathu cha Malawi Gold yomwe ingatsike pa doko la kumeneko mwalamulo.

Ndiye kuti msika wa chamba chosuta ungakhale wa ife tokhatokha. Mnyamata wa ku Kawale akagula kwa mlimi wa ku Nkhotakota, ndi makwacha omwe achoka thumba ili kulowa thumba ilo. Ku Reserve Bank sikunalowe dola ngakhale imodzi yogulira mafuta kapena feteleza. Alendo oyendera nyanja ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay angawonjezekeko pang'ono, inde, koma Thailand inayesa njira imeneyo mu 2022, sitolo zinaphuka paliponse, ndipo mu 2025 boma linabwerera m'mbuyo n'kulamula kuti wogula azikhala ndi kalata ya dokotala.

Wina anena kuti chamba chathu chimatuluka kale, chimadutsa pa Dedza ndi pa Mwanza kupita ku Zimbabwe ndi ku Joni, ndipo marandi amabwera. Zoona. Koma malondawo ndi ozembetsa, ndipo adzakhalabe ozembetsa ngakhale titasintha lamulo kuno, chifukwa ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Tanzania kusuta ndi mlandu. Ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu September 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kusuta ndi kulima chake mwamseri, ndipo lamulo lotsatira chigamulocho linasainidwa mu May 2024, koma kugulitsa ndi kugula n'koletsedwabe. Chomwe chingasinthe n'chakuti anansi athu angayambe kufufuza thiraki iliyonse yochokera ku Malawi mpaka pansi pa mipando, ndipo wovutika adzakhala wonyamula soya ndi nandolo yemwe sizikumukhudza.

Pa nkhani ya malume anu ndichedwapo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe anthu amanamizana kwambiri. Chamba chimalipira kuposa fodya osati chifukwa n'chovuta kulima. Chimamera ngati udzu. Mtengo wake ndi malipiro a mantha: wolima amabisa munda m'mapiri kapena m'nkhalango, wonyamula amayenda usiku, pa rodibuloko iliyonse pamatsala kenakake, ndipo thumba limodzi likagwidwa, otsalawo ayenera kubweza zotayikazo. Mukachotsa manthawo, aliyense wa munda ku Kasungu, ku Dowa, ku Mchinji adzadzala, osuta sadzachuluka mofanana ndi olima, ndipo mtengo udzagwa monga umagwera wa tomato ku Lizulu nthawi yokolola. Si zongoganizira. Ku Canada makampani anamanga magirinihausi akuluakulu poyembekeza phindu, chamba chinachuluka kuposa ogula, mitengo inatsika, china chinawonongedwa chosagulitsidwa, ndipo ena anatseka n'kuchotsa antchito.

Ndiye pali funso la yemwe adzapatsidwe chiphaso. Taona kale momwe zinayendera ndi chamba cha mankhwala. Mitengo yoyamba yomwe inalengezedwa mu 2020 inali madola 10,000 pa chiphaso cholimira chamba cha mankhwala ndi madola 2,000 pa cha m'mafakitale. Mlimi wa maekala awiri akazitenga kuti? Anthu anadzipanga makopaletivi, anasonkherana, ena anagulitsa ziweto, analima, kenaka ogula omwe analonjezedwa sanaoneke. Mu 2021 unduna wa zaulimi unafika polembera katswiri wa nkhonya Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Manyuzipepala a dziko lonse lapansi analemba, koma mlimi wa ku Mpherembe sanaonepo kanthu. Msika wa mankhwala umafuna mbewu yodziwika mphamvu yake, malo otchingidwa, labotale yoyeza nkhungu ndi mankhwala ophera tizilombo, ndi ziphaso zomwe ogula a ku Ulaya amazivomereza. Ku Lesotho, komwe anayamba kupereka ziphaso mu 2017, opindula kwambiri akhala makampani a ndalama zakunja, pomwe alimi a m'mapiri omwe analima chamba kuyambira kale akadali kunja kwa lamulo. Sindikuona chomwe chingaletse zomwezo kuchitika kuno: bwana wa ku Area 43 ndi chiphaso chake, mlimi wa ku Nkhotakota akuthamangitsidwabe, pano osati chifukwa chamba n'choletsedwa koma chifukwa alibe pepala.

Za msonkho anthu amakonda kutchula Colorado. Kumeneko anayamba kugulitsa mu January 2014 ndipo mu 2021 msonkho wa chamba unapitirira madola 400 miliyoni, kenaka unayamba kutsika mitengo itagwa komanso maboma oyandikana nawo atalolezanso. Ndi ndalama zambiri kwa ife, koma kumeneko ndi kachigawo kakang'ono ka bajeti, ndipo zimatoleredwa chifukwa ogula ali ndi ndalama, amagula m'sitolo, ndipo chomera chilichonse cha chamba chimalembedwa mu kompyuta kuyambira ku nazale mpaka pa kauntala. MRA imatolera bwino msonkho wa mowa wa m'mabotolo chifukwa mafakitale ndi owerengeka, ukhoza kukaima pa geti n'kuwerenga makireti. Nanga kachasu? Amatchezedwa ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Mgona, ndipo palibe tambala yomwe imafika ku Msonkho House. Chamba chili mbali ya kachasu. Mukaika msonkho wokwera, wosuta abwerera kwa yemwe amamugula kale kuseri kwa msika. Mukaika wotsika, simutolera kanthu kooneka. Ngakhale ku Canada, komwe boma lili ndi mphamvu zotsatira malamulo ake, panatenga zaka kuti ogula ambiri asiye ogulitsa amseri.

Ndipo pa ndalama zochepa zotoleredwazo muchotsepo za chipatala. Sikuti aliyense wosuta amapenga, ayi, amenewo ndi mawu oopsezera ana. Koma madokotala amagwirizana kuti woyamba kusuta ali wamng'ono, n'kumasuta tsiku ndi tsiku chamba champhamvu, ali pa chiopsezo chachikulu cha matenda a maganizo. Dziko lonse lino chipatala chachikulu cha boma cha matendawa ndi cha ku Zomba, kuwonjezerapo a St John of God ku Mzuzu ndi kuno ku Lilongwe, ndipo madokotala odziwa za ubongo ndi owerengeka pa zala. Tikumbukirenso za mowa wa m'masacheti: unali wololedwa, wolipira msonkho, lamulo loletsa kugulitsa kwa ana linalipo, koma ana a sukulu ankaugula pa okala iliyonse mpaka boma linachita kuuletsa. Amene akuti adzateteza ana a zaka zosakwana 18 ku chamba atiuze kaye chomwe chinawalepheretsa pa masacheti.

Kumbali ya malamulo ndi komwe kuli phindu lenileni, ndipo pano ndili mbali ya anzanuwo. Taganizirani zomwe zimachitika mnyamata akagwidwa ndi timipukutu tiwiri. Amagona m'chitolokosi, abale amathamanga kusaka ndalama "yokambirana", ikalephereka amapita pa rimandi ku Maula komwe anthu ndi othithikana kale kuposa momwe ndendeyo inamangidwira. Wapolisi, woimira boma pa mlandu ndi majisitireti onse amataya tsiku pa timipukutu tija pomwe milandu ya kuba ndi kugwiririra ikudikira. Akatuluka, dzina lake lada: tsiku lomwe adzafune kalata ya ku likulu la apolisi ku Area 30 yotsimikiza kuti alibe mlandu, kuti apeze ntchito kapena visa, timipukutu tija tidzamupeza. Ndipo lamuloli siligwira onse mofanana. Mu 2022 anthu anachita zionetsero mnyamata wina wa ku Blantyre atagamulidwa zaka 8 chifukwa cha chamba, pomwe olemera opezeka ndi mlandu wofanana ankangolipira chindapusa. Khoti Lalikulu linachepetsa chilangocho pambuyo pake. Kuchotsa mlandu pa munthu wamkulu wopezeka ndi chochepa chosuta yekha kungatseke khomo limodzi la ziphuphu, ndipo sikufuna dola ngakhale imodzi kuti kutheke.

Koma lamulo lotere silingakhale la mzere umodzi. Liyenera kunena kuchuluka kwake: Canada inaika magalamu 30 poyenda, Germany 25, Uruguay magalamu 40 pa mwezi. Popanda nambala, wapolisi ndi amene adzagamule pamsewu kuti uyu ndi wosuta, uyu ndi wogulitsa, ndipo tabwerera pomwe tinali. Liyenera kunena za omwe ali kale m'ndende ndi omwe mayina awo anada kale. Ku Canada anachita kupanga lamulo lina mu 2019 chifukwa loyambalo silinawakhudze. Vuto lovutitsitsa ndi la pamsewu. Kachipangizo kouzira komwe apolisi apamsewu ali nako kamayeza mowa basi. Chamba chimaonekabe mumkodzo patapita masiku, kwa wosuta kwambiri ngakhale masabata, choncho kupezeka nacho m'thupi sikutsimikiza kuti dalaivala wa minibasi kapena wa kabaza anali woledzera pa nthawi ya ngozi. Makhoti, mabwana pantchito ndi makampani a inshuwalansi onse adzakumana ndi funso limeneli. Achi Rasta nawo ali ndi mfundo yawo ya ufulu wa chipembedzo pansi pa gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko, ndipo atapambana mlandu wa madiredi m'sukulu za boma mu 2023, sindikuganiza kuti adzakhala chete.

Pangano la 1961 lija lilibe apolisi. Uruguay ndi Canada anadzudzulidwa ndi bungwe loyang'anira panganolo, palibe chinawachitikira. Chomwe chinaluma Uruguay ndi mabanki: mu 2017 mafamase atayamba kugulitsa chamba, mabanki a m'dzikomo anayamba kuwatsekera maakaunti chifukwa mabanki a ku America omwe amadutsitsirako madola anawachenjeza. Dziko ngati lathu, lomwe dola iliyonse yogulira mafuta imadutsa m'mabanki omwewo ndipo bajeti yake imadalira abwenzi akunja, silingaseweretse zimenezo. Kusiya kumanga osuta sikukhudza mabanki. Kutsegula sitolo ndi kutolera msonkho ndi komwe kumawakhudza.

Choncho ine ndikanafunsidwa ndi komiti ya ku Nyumba ya Malamulo ndikanati tilekanitse ziwirizi. Tiyambe ndi kuchotsa mlandu pa chochepa, tiike nambala yomveka, tiyeretse mayina a omwe anamangidwa pa timipukutu, kugulitsa kwa ana chilango chake chikhwime. Za sitolo ndi msonkho zidikire mpaka titaonetsa kuti msika wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, womwe ndi wokhawo ungabweretse madola mwalamulo, tikutha kuuyendetsa mokomera mlimi wamba.

Malume anu asazule fodya chifukwa cha nkhani za pa bawo. Ngati atopa ndi okushoni, soya ndi mtedza zili ndi ogula odziwika. Akafuna kuyesa chamba chololedwa, apite okha ku ofesi ya Cannabis Regulatory Authority kuno ku Lilongwe akafunse ngati kopaletivi yomwe ikuwaitanayo ili ndi chiphaso, ndipo asapereke ndalama kwa aliyense asanaone kontirakiti yolembedwa, yokhala ndi dzina la wogula, mtengo pa kilogalamu ndi tsiku lolipira.