Mwana ali ndi VNS ndipo akufunika MRI

Mayi, mwafunsa za mwana wanu amene anamuika kachipangizo ka VNS kochepetsa khunyu. Mwati adokotala akufuna amujambule mutu ndi MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito amphamvu, ndiye mtima suli m'malo poopa maginito. Ine ndimagwira ntchito m'chipinda chojambuliramo, ndipo mwachita bwino kufunsa tsikulo lisanafike.

N'zotheka kumujambula. Zipangizo zambiri za VNS zili m'gulu lolembedwa MR Conditional, kutanthauza kuti zimalowa mu makinawo pokhapokha malamulo a kampani yozipanga atatsatidwa onse. Malamulowo amasiyana malinga ndi mtundu wa kachipangizo, choncho yambani mwafufuza kakhadi kamene anakupatsani atamuchita opaleshoni. Pamenepo pali nambala ya kabatire ndi ya waya, zigawo ziwiri za kachipangizoko. Kajambuleni pafoni, mutumizire ojambulawo masiku angapo tsikulo lisanakwane. Ngati kanasowa, pemphani chipatala chimene chinamuika kuti chikulembereni nambalazo.

Anthu ambiri amaopa kuti maginito azula kabatire pachifuwa. Maginitowo ndi amphamvudi: makina a 1.5 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito) amaposa mphamvu ya maginito a dziko lapansi pafupifupi ka 30,000, ndipo sazima ngakhale usiku. Koma ife chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi waya uja wochoka pachifuwa kukwera m'khosi kumanzere, n'kukazungulira mtsempha wa vagus, umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Pojambula, makina amatumiza mafunde ngati a wailesi, wayayo n'kumawakoka ngati eriyo. Kutentha kumakaunjikana kunsonga, penipeni pamene wagwira mtsempha. Pakhungu simuona kanthu, chonsecho mkati mukupsa, ndipo mtsempha ukapsa suchira msanga. N'chifukwa chake pa mitundu ina timagwiritsa ntchito koyilo (chipangizo cha makina ojambulira) yovala kumutu yokha, yotumiza ndi kulandira mafunde pomwepo, kuti khosi ndi chifuwa zisalandire mafunde ambiri. Waya wothyoka, kapena wakale wotsala m'thupi, amasinthanso malamulo. Ngati mwana anachitidwapo opaleshoni yachiwiri, nenani, ngakhale zitakhala za kalekale.

Kachipangizoko kayenera kuzimitsidwa asanalowe. Amachita zimenezi ndi dokotala kapena namwino amene amakachuna nthawi zonse: amayesa kaye ngati waya ali bwino, kulemba manambala amene kakugwirira ntchito, kenako kutsitsa mphamvu zonse kufika pa 0, kuphatikizapo ija imayamba mukadutsitsa maginito pachifuwa. Apa m'pamene zinthu zimakonda kusokonekera. Ndinaonapo banja litafika m'mamawa, mwana atasala kudya, koma wozimitsa kachipangizo palibe amene anamuuza. Tinawabweza, ndipo zinandipweteka mtima. Choncho imbani nokha, mufunse kuti adzazimitsa ndani, nthawi yanji, ndipo adzayatsanso ndani.

Maginito a VNS aja mwana amavala padzanja muwasiye kunja kwa chipinda, pamodzi ndi foni ndi makiyi anu.

Mwana akakhala kuti ali maso, timamupatsa kampira kofinya m'dzanja, kotiitanira pakavuta. Mukonzekeretseni kunyumba kuti akamva kutentha, kulasa kapena kukoka m'khosi afinye nthawi yomweyo, asapirire pofuna kusangalatsa akuluakulu. Ngati akufuna kumugoneka ndi mankhwala, kambiranani bwino ndi adokotala, poti wogona sanganene kuti akupsa. Akadzuka thupi litatentha tsikulo, auzeninso asanayambe.

Ojambula akanena kuti makina awo sakugwirizana ndi kachipangizoko, musawaumirize. Funsani adokotala ngati CT, njira ina yojambulira m'kati mwa thupi, ingayankhe funso lawo, popeza ilibe maginito, kapena akutumizeni kumene kuli makina oyenera.

Akatuluka, musanyamuke kachipangizo kasanayatsidwe. Imani pomwepo muone kuti manambala abwerera monga analili, ndipo mankhwala ake a khunyu apitirize kumwa pa nthawi yake tsiku lonselo.