Azakhali, za kuphinjidwa kutulo zija

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Kulemba zonsezi kunditalikira, ndiye bola ndingolankhula, ena onse pagulu pano amvere nawo. Mwati msuweni wanga akumadzidzimuka usiku maso ali yuu, chipinda akuchiona bwinobwino, koma kuti asunthe dzanja kapena mwendo zikukanika, kuti akuwe mawu osatuluka, ndipo akumamva ngati wina wamukhalira pachifuwa. Tsiku lina akuti anaona munthu ataima chapakhomo. Ndiye mwafunsa kuti, iwe wa kuchipatala, amenewa ndi matenda kapena ndi za anthu? Ndaonanso zimene alemba bambo aang'ono, zoti apite naye kwa sing'anga, mpaka atchula agogo aja a kuseri kwa dambo. Chonde, musanapite kulikonse, ndimvereni kaye.

Mnyamatayu sakunama, komanso mutu wake uli bwinobwino. Zimene akunenazo zimamuchitikiradi, ndipo zimaopsa koopsa. Koma ndi chinthu chodziwika, chinafufuzidwa kalekale, ndipo gwero lake ndi mmene tulo timayendera.

Ambirife timaganiza kuti munthu akagona ubongo umazima mpaka mmawa. Sizili choncho ayi. Tulo tili ndi magawo. Umayamba ndi kusinza, pamene munthu atakuitana umati sindinagone. Kenako umalowa mkati pang'ono, kenako tulo tofa nato, tija mwana umachita kumunyamula kuchoka pamkeka iye osadziwa kanthu. Ukatuluka mmenemo ndiye umafika gawo la maloto enieni. Ulendo wonsewu umatenga mphindi pafupifupi 90, ndipo umabwereza kanayi, kasanu, mwina kasanu ndi kamodzi usiku umodzi. Tulo tofa nato timachuluka chakumayambiriro kwa usiku, pamene maloto ataliatali amabwera chakumbandakucha. N'chifukwa chake ndikufuna mumufunse kuti zimamugwira nthawi yanji. Mwina akuuzani kuti kukamacha, kapena akangoti wagona atatopa kwambiri.

Gawo la malotoli mutha kuliona ndi maso anu. Mdzukulu wanu uja akagona masana, khalani pambali pake mumuyang'ane zikope. Ikafika nthawi muona maso akuyendayenda mkati, uku ndi uku, zikope zili chitsekere, kupuma kukusinthasintha, mwina kamlomo n'kumwetulira. Chimenechi anachitulukira Eugene Aserinsky ndi mphunzitsi wake Nathaniel Kleitman ku yunivesite ya Chicago mu 1953, ndipo Aserinsky anayamba kuyesa makina ake pa mwana wake yemwe wa zaka 8. Anapeza kuti nthawi imeneyi ubongo umakhala pakalikiliki pafupifupi ngati wa munthu amene ali maso, ndipo ukamudzutsa munthu pomwepo, kawirikawiri amakuuza kuti ndimalota. Madokotala gawo limeneli amalitcha REM.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Ngati ubongo uli pakalikiliki chonchi, munthu akulota akuthamangitsidwa ndi galu, bwanji sadzuka n'kuthamangadi? Chifukwa pali kachigawo kena pansi pa ubongo, pamene umalumikizana ndi msana, kamene kamatseka minofu ya manja, miyendo ndi khosi nthawi yonse imene ukulota. Zili ngati mmene timamangira mbuzi pachikhomo nthawi ya dzinja kuti isakalowe m'munda mwa eni. Thupi limamangidwa dala kuti lisatsatire maloto. Wasayansi wina wa ku Lyon ku France, Michel Jouvet, anazionetsa pa amphaka m'zaka za m'ma 1960. Atawononga kachigawo kameneka, mphaka ali m'tulo ankadzuka n'kumanyang'ama, kudumphira chinthu choti palibe. Anthu ena, makamaka azibambo achikulire, kumangaku kumawafookera, ndiye amamenya ndi kuponda anzawo pabedi akulota. Choncho kuuma thupi kumene msuweni wanga akukuopaku kumachitika kwa inu, kwa ine, kwa aliyense, usiku uliwonse. Kungoti ife timakhala tili m'tulo, sitikumva.

Kwa iyeyo chikuchitika n'choti maganizo akumadzuka thupi lisanamasulidwe. Kugona ndi kukhala maso sikuti pali mpanda pakati pake ayi, munthu utha kukhala mbali ina uli maso, mbali ina ukadali m'maloto. Maso amatseguka chifukwa minofu ya maso simangidwa nawo. Kupuma sikuima, chifukwa mnofu waukulu wopumira umene uli pansi pa mapapo umagwirabe ntchito. Koma timinofu ta m'nthiti timakhala titafooka, ndiye iye ndi mantha aja akafuna kukoka mpweya wambiri, chifuwa sichikwera mmene akufunira. Kulemera kwa pachifuwa kuja n'kumeneko. Pakhosi chimodzimodzi, ndiye mawu amangothera mu kubuula.

Nanga munthu woima pakhomo uja? Nthawi ya maloto, mbali ya ubongo imene imatichenjeza za zoopsa imakhala yogalamuka kwambiri. Ndiye taganizani, mwana wadzuka mumdima, sakutha kusuntha, mtima ukugunda kuti thi thi thi. Ubongo umafuna chifukwa, umati pali wina muno. Malotonso amakhala asanatheretu, ndiye amasakanikirana ndi zimene maso akuona. Jekete la yunifolomu limene wapachika pamsomali kuseri kwa chitseko limamera mutu ndi mapewa. Neti ya udzudzu ikagwedezeka pang'ono, iye amaona ngati wina akuweramira pabedi. Zimatenga masekondi ochepa, zikatalika mphindi zingapo, koma kwa mwini wake zimakhala ngati usiku wonse.

Ndipo si iye yekha. Mu 2011 akatswiri awiri a ku America, Brian Sharpless ndi Jacques Barber, anasonkhanitsa kafukufuku 35 wokhudza anthu oposa 36,000. Anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 8 zinawachitikirapo, koma mwa ophunzira chiwerengero chinafika pa 28. Ophunzira, azakhali, ngati mwana wanuyu. Chimene chimandigwira mtima ine n'choti dziko lililonse anthu amaona chimene anakula akuchiopa. Ku Egypt amati ndi majini. Ku China amati ndi mzukwa ukupsinja bedi. Ku Newfoundland ku Canada amati ndi nkhalamba yaikazi imene imakhala pachifuwa. Kwathu kuno timati afiti. Thupi likuchita chinthu chimodzi chomwecho, nkhope ya mlendoyo ndi imene ikusintha. Wofufuza wina, Baland Jalal, anayerekeza anthu a ku Egypt ndi a ku Denmark. A ku Denmark ambiri ankangoti n'za m'thupi basi. A ku Egypt ambiri ankaopa kuti afa nazo, ndipo iwowo ndi amene zinkawabwerera pafupipafupi. Mantha amakulanda tulo, kusowa tulo n'kumene kumaziitana, zikabwera mantha amawonjezekanso. Ndiye tikamuuza mwanayu kuti pali amene akumutamba, tikumuwonjezera vuto lomwelo ndi pakamwa pathu.

Inu nomwe munanena mwezi watha kuti chilowereni fomu 4 sagona, akuwerengera MSCE mpaka usiku kwambiri, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti asasinze, tambala woyamba wadzukanso. Apo ndiye pali gwero. Zimenezi zimakonda munthu wosagona mokwanira, wogona nthawi zosinthasintha, wankhawa, komanso wogona chagada. Mwana wa msinkhu wake amafunika maola 8 mpaka 10. Mukamuuze kuti kuchezera kukumubera malikisi omwe akuwafunawo, chifukwa zimene munthu wawerenga masana ubongo umazikhazika bwino ali m'tulo. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija asiye kumwa madzulo, pakuti pakatha maola asanu theka la mphamvu yake limakhala likadali m'magazi. Azigona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi, ngakhale Loweruka. Foni izigona kuchipinda kwanu. Azigona cham'mbali, pilo kapena bulangete lopinda kumsana kuti asatembenuke.

Zikamugwira, asalimbane nazo, chifukwa kulimbana n'kumene kumakulitsa befu. Adziuze mumtima kuti ndi zija, zitha pompano. Apume pang'onopang'ono, n'kuyesa kugwedeza chala chimodzi chokha, cha kuphazi kapena cha kumanja. Mng'ono wake amene amagona naye chipinda chimodzi mumuuze kuti akamva achimwene ake akubuula, angowagwira paphewa n'kuwatchula dzina, nthawi zambiri zimatha pomwepo. Kupemphera musasiye. Pempherani naye asanagone, mtima wake ukhale m'malo, iyenso apemphere chamumtima zikamupeza. Chokhacho, likhale pemphero lomukhazika mtima pansi, osati lomukuwira usiku wonse kuti muli chiwanda mwa iye.

Pali zina zimene mukaziona musadikire, mupite naye kuchipatala cha boma. Ngati akugwedezeka thupi lonse, kudziluma lilime, kudzikodzera, n'kudzuka osakumbuka kanthu, imeneyo ndi nkhani ina, akamuyeze khunyu. Ngati masana akumangogwa tulo m'kalasi ngakhale atagona bwino, kapena mawondo akumalobodoka akaseka kwambiri, adokotala amve zimenezo. Ndiponso mukhale naye pansi awiriwiri, mumufunse mofatsa ngati pali chimene chinamuchitikira, kusukulu kapena panjira, chifukwa anthu amene anaona zoopsa zimawagwira kawirikawiri. Anyamata sanena msanga, musamukakamize tsiku limodzi.

Bambo aang'ono, ndi ulemu wonse, ndikudziwa mwalankhula chifukwa chomukonda mwanayu. Koma dzina la agogo aja lichoke m'nkhani imeneyi, ndipo uthenga uja muufufute ana asanauwerenge. Mayi aja ndi wokalamba, amakhala okha, alibe wowaikira kumbuyo. Tonse timamva pa wailesi mmene okalamba akumenyedwera, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene, ndipo zimayamba ndi mawu ngati omwewa, wina kungoti ndikuganiza ndi uje. Lamulo la dziko lino, la 1911 lija, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, munthu utha kumangidwa nazo. Komanso mwana amene akuopa kale, mukamutemera mphini n'kumuuza kuti mdani wake ali pafupi ndi nyumba, agona bwanji usiku umenewo?

Tiyeni timupatse masabata awiri kapena atatu akugona mokwanira, tione. Azakhali, mupezereni kakope, azilemba nthawi imene wagona, imene wadzuka, ndi usiku umene zamugwira. Madzulo ano akaweruka mumupatse foni yanu, ndikufuna ndimufotokozere ndekha, andifunse zimene akuchita nazo manyazi kukufunsani inu. Mundipatsire moni onse kunyumbako.