Pepala la bambo lalembedwa R1: kodi khansa inatsala?

Mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Tete, wanditumizira imelo. Bambo ake anachitidwa opaleshoni ya khansa ya kummero ku Maputo, ndipo pepala la ku labotale lalembedwa "margem circunferencial comprometida, R1", kutanthauza kuti khansa inafika m'mphepete mwa m'mbali mwa chidutswa chomwe anachotsa. Akufunsa ngati khansa inatsala m'thupi, komanso ngati bambowo akhalitsa.

Pepani ndi matendawa, mayi. Inu a ku Angónia mukudziwa mmene timasendera kachewere woola mbali imodzi: mpeni sudutsa pomwe pathera kuda, umalowa ndithu pabwino. Dokotala amateronso. Chidutswa chomwe wachotsa, a ku labotale amachipaka inki m'mphepete, n'kuchicheka mopyapyala, n'kuchiunika pa maikulosikopu. M'mphepete mukakhala mopanda maselo a khansa amalemba R0. Akaoneka pa maikulosikopu pokha ndi R1. R2 ndiye kuti chotupa chinatsala chooneka ndi maso.

Mmero uli pamalo opanikizika. Kumtunda ndi kumunsi dokotala angathe kudula motalikira, koma m'mbali mulibe mpata: njira ya mpweya, mtima ndi mtsempha waukulu wa magazi zagundana nawo. Ndiye R1 ya m'mbali imapezeka ngakhale kwa dokotala wa dzanja labwino. Musathamangire kunena kuti analakwitsa.

Sindikubisirani, R1 imakweza mpata woti matenda abwerere poyerekeza ndi R0. Koma mukakumana ndi adokotala, afunseni kuti R1 imeneyi aiwerenga motani. Akatswiri a ku Britain amati ndi R1 ngakhale khansa itangoyandikira m'mphepete osapitirira milimita 1, pomwe a ku America amafuna kuti ikhudze inkiyo. Kusiyanaku n'kwakukulu. Funsaninso za anabele omwe anachotsedwa limodzi ndi mmero: analipo angati, ndipo khansa inalowa mwa angati? Yankho limenelo limanena zambiri za m'tsogolo, mwina kuposa R1 yeniyeniyo. Koma tsiku la munthu palibe pepala lomwe limatchula.

Kafukufuku wa CROSS wa ku Netherlands, wa mu 2012, anapeza R0 mwa odwala 92 pa 100 omwe analandira chemotherapy (mankhwala opha maselo a khansa) ndi radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza cha makina) asanachitidwe opaleshoni, pomwe mwa ongochitidwa opaleshoni anali 69 pa 100. Ngati bambo sanalandire zimenezi poyamba, funsani ngati angalandire tsopano. Makina a radiotherapy alipo ku Hospital Central de Maputo kuyambira 2019. Ulendo wochokera ku Tete ngwautali ndiponso wodula, ndikudziwa, choncho mumve yankho lomveka musanagulitse mbuzi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri panopa ndi kuwonda, chifukwa munthu wofooka sapirira mankhwalawa. Muziwapatsa pang'onopang'ono, kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku: phala la nsinjiro, dzira, nthochi yoponda, mkaka. Asagone atangodya, ndipo kumutu muzikweza ndi mitsamiro. Chakudya chikayambanso kuima pakhosi, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Nthawi zambiri chimakhala chipsera cha pomwe analumikiza mmero atachotsa chotupa, ndipo madokotala amatha kupakulitsa.